Kabokosi ka Dokotala Etaferahu Sikanapite

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1974 ku Debre Markos, m'banja la bambo Zewdie ndi mayi Tiruwork. Ansembe athu, akuluakulu a idiri, gulu lathu la maliro, ndi nonse amene mwadzatikhuza: amene tikuwaika lerowa ndi Dokotala Etaferahu Zewdie. Ine ndine Yihenew, mlongo wawo. Mundikhululukire mawu akamadukiza.

Sukulu anayamba mu 1981. M'nyengo ya mvula ya 1987, kukuzizira, mng'ono wawo Wubit anagona m'chipinda chotseka muli mbaula ya makala, ndipo sanadzukenso. Malemu ndi amene anamupeza m'mawa. Kuyambira pamenepo woyatsa mbaula pakhomo pathu sankaona mtendere. Ngakhale mayi athu pokazinga khofi ankalamulidwa kutsegula zenera ndi mwana wawo yemwe.

Mu 1993 anapita ku yunivesite ku Addis Ababa, kumene anadzakhalanso mphunzitsi wa sayansi. Mu 2001 anakwatiwa ndi bambo Ashenafi Kibret. Udokotala anaulandira mu 2008. Sunali udokotala wa jakisoni, komabe ife achibale sitinasiye kuwadandaulira za misana yathu.

Ntchito ya moyo wawo inali ufa wina wakuda, umene mpweya wakupha wa makala ukadutsamo umasanduka wosapha. Vuto linali lakuti ufawo unkafooka msanga, ndipo palibe ankadziwa chifukwa chake. Kuti chifukwacho chioneke, pankafunika kuunika ufawo ndi ekisireyi yamphamvu, uli wotentha, mpweya ukudutsamo. Makina otero kuno kulibe. Ali ku Ulaya, aakulu kuposa bwalo la mpira, ndipo munthu amapempha kwa zaka kuti apatsidwe masiku ochepa. Ufa amapita nawo m'kabokosi kake. Malemu anapanga kawo ndi manja awo, kachitsulo, kochepa ngati kapu ya khofi, kokhala ndi timawindo tiwiri topyapyala todutsira kuwalako.

Mu 2017 anapatsidwa mwayi koyamba. Kabokosi katangotentha, windo limodzi linang'aluka, masiku awo n'kuthera pomwepo. Ndinakawatenga ku bwalo la ndege. Sabata yotsatira anayamba kupanga kena.

Chakumapeto kwa 2024 anayankhidwanso kuti apite mu Febuluwale 2025. Mwezi watha anakonza ufa, n'kuutsekera m'kabokosi katsopano mosalola mphepo kulowa. Anabwera nako kunyumba poopa kuti ku ntchito wina angakagwetse, n'kukaika pashelefu pambali pa makapu. Anawauza amuna awo kuti, "Ashenafi, galimoto mukhoza kugulitsa, ngakhale ine mukhoza kundigulitsa, koma aka musakatsegule. Kakangolowa mphepo, zaka zanga zisanu ndi ziwiri zapita." Tsiku limenelo tinaseka kwambiri.

Pa 20 Januwale anagwa akuphunzitsa. Kuchipatala anapeza khansa ya m'chiwindi itafalikira kale, ndipo za ulendo madokotala anakaniratu. Mnzawo wa kuntchito, Dokotala Lemlem Tadiwos, anadzipereka kupita m'malo mwawo. Anakaima pamzere wopempha chilolezo cholowera m'dziko limene kuli makinawo, koma yankho mpaka lero silinatuluke. Tinapempha eni makina kuti asunthe tsiku. Anayankha mwaulemu kuti anthu ndi ambiri, tipemphenso chaka chamawa. Tinaganiza zotumiza kabokosiko ndi munthu wina wapaulendo, koma kumeneko sikangagwire ntchito popanda wokadziwa. Ndipo Dokotala Lemlem atiuza kuti mphira zotsekera sizingadikire chaka, mphepo idzalowa yokha pang'onopang'ono. Abale anga, tinagogoda paliponse pamene tinkadziwa. Ine ndine mphunzitsi wopuma, bambo Ashenafi amagulitsa matayala. Tikanachitanso chiyani?

Dzulo m'mawa malemu anadzidzimuka, nandigwira dzanja. Anati, "Achimwene, kabokosi kapita?" Ine ndinayang'ana bambo Ashenafi, iwo anayang'ana pansi. Malemu sanafunsenso, chifukwa sanali munthu wofunika kumuuza kawiri. Anatisiya masana a dzulo, pa 11 Febuluwale 2025, ali ndi zaka makumi asanu.

Tsiku limene anapatsidwa ku Ulaya ndi lero. Pamene taima pano, kumeneko makina ayaka, ndipo akuunika za anthu ena. Zikundiwawa, ndipo sindikudziwa woti ndimukwiyire.

Malemu asiya amuna awo bambo Ashenafi, ana awiri, Nardos ndi Kirubel, mayi athu okalamba amene akhala apowa, ndi ine. Tikuthokoza ansembe, anamwino amene anawasamalira, a idiri chifukwa cha tenti ndi mipando, amayi amene aphika injera, chakudya chathu, ndi Dokotala Lemlem amene ngakhale dzulo anali pamzere uja.

Pempho lathu ndi limodzi. Mukafika kunyumba kudzakhala nafe, mudzaona kabokosi pashelefu pambali pa makapu. Amayi otsuka ziwiya, chonde musakatsuke, musakatsegule. Tikudziwa kuti sikapitanso, koma mwini wake sanatiuze kuti tisiye kukasunga.

Etaferahu mlongo wanga, funso lanu lija tinalephera kuliyankha. Pitani mukapume pafupi ndi Wubit. Mzimu wanu uuse mumtendere.