Tirigu Atuluke, Ilaria Akubwera

Gaudenzio Bertoni, mwamuna amene anayamba kugulitsa matailosi panjinga yakapalasa m'tauni ya Sassuolo n'kufika poyala pansi m'mahotela a mayiko makumi atatu, anadzuka Lamlungu atalumbira kuti aphika yekha lazanya ya masamba yopanda tirigu, chakudya chija cha zigamba za pasita zosanjikizana ndi msuzi. Mwana wake mmodzi yekhayo, Ilaria, amene tirigu amamugoneka pabedi, anali atanenetsa kuti akadwalanso ndi chakudya cha bambo ake ngati pa Isitala paja, Lamlungu lililonse azikadya kwa apongozi ake, ndipo anatumiza pepala la malamulo kudzera mwa malume ake a Ermete, amene anagwira ntchito kunjanji zaka makumi anayi osaphonyapo lamulo ngakhale limodzi.

"Alamu, pepalalo ikani pansi," anatero Gaudenzio akumanga epuloni pamimba pake paja. "Ine ndinadyapo ku Osaka, ku Lima, ku Dubai. Ku Lima wophika anachita kutuluka m'khitchini kudzandigwira chanza."

"Lamulo loyamba," anawerenga Ermete, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. "Chilichonse chimene chinakhudzapo tirigu chisakhudze chakudya changa."

"Ndamva. Tandipatsirani thabwa la amayi ndidulirepo mabilinganya."

"Thabwali ankakandirapo chiyani?"

"Pasita. Zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo silinalawepo madzi. Thabwa la pasita satsuka, amangolipala ndi mpeni. Mwana aliyense kuno amadziwa zimenezo."

"Pasita ya chiyani?"

"Ya ufa, alamu. Mumati ya simenti?"

"Ufa wa chiyani?"

Gaudenzio anayang'ana kudenga. Ermete ananyamula thabwa lija, natsegula chitseko cha pakhonde, n'kukaliyedzamiritsa kukhoma. Pobwerera anaima pa ndodo yaitali yopyapyalitsira pasita imene inkapachikidwa pafupi ndi zenera.

"Imeneyo musaigwire," anatero Gaudenzio. "Zigamba za m'bokosizi, za ufa wa mpunga ndi chimangazi, n'zokhuthala ngati matailosi a m'galaja. Ndiziviika kenako ndizipsinje. Ndodo imeneyo amayi anabwera nayo tsiku la ukwati wawo. Inawongola pasita, inawongola bambo, inandiwongola ine."

"Pa atatuwo wa tirigu ndi mmodzi," anatero Ermete, "koma akukwanira."

Ndodo inatsatira thabwa. Chipande chamtengo chinatsatira ndodo. Sefa inatsatira chipande.

"Mukundisamutsa kapena mukundithandiza?"

"Ndikuwerenga."

"Ha, koma anthu osayenda. Zaka makumi anayi muli m'kanyumba ka njanji, kuona sitima zikupita ku Milano inu osakwerapo, kumangodikira belu la masana kuti mudye kabuledi ka m'thumba ngati njiwa ya patchalitchi."

"Sindinachedwetsepo sitima."

"Chabwino. Nanga msuzi woyera tilimbitsa ndi chiyani? Batala, mkaka, ufa. Ndi mmene Mulungu anaulengera."

"Lamulo lachiwiri. Ufa wa mpunga."

"Mpunga ndinaudya ku Osaka. Unali bwino kwambiri, chifukwa unali kwawo."

Ermete anali atasendeza nkhope yake pafupi ndi ya mlamu wake, akuyang'anitsitsa ngati akuyendera njanji yong'aluka.

"Mwatani, alamu? Mukufuna kundipsompsona?"

"M'mawa uno mwadya chiyani?"

"Khofi basi."

"Ndevu zanu zikunena zina."

Gaudenzio anasasa ndevu. Tinyenyeswa tiwiri ta buledi tinagwera pa epuloni.

"Aaa, timeneti. Ndisamba."

"Pepala silikunena za kusamba. Likuti chimene chinakhudzapo."

"Likunena ziwiya. Ine ndine chiwiya?"

"Likuti chilichonse."

"Ine ndine Gaudenzio Bertoni. Nyumba ino ndinaimanga ine, tailosi mwapondayo ndinayala ndi maondo angawa. Muno sindituluka, ngakhale mubwere ndi apolisi."

Ermete anatembenuza pepala lija. "Kuseriku walembanso. Akuti kwa apongozi ake, kwa mayi Fedora, wadya Malamlungu asanu ndi awiri ndipo sanadwaleko ngakhale kamodzi."

Gaudenzio anawaona m'maganizo asewere ake aja, atakhala kumutu kwa tebulo, akumugawira Ilaria wake chakudya mlungu ndi mlungu mpaka adzukulu adzabadwe, adzakule, adzamuyese iyeyo mlendo wobwera pa Khirisimasi. Anavula epuloni, naipinda bwinobwino, n'kutuluka yekha pakhonde. Anaima pakati pa thabwa ndi ndodo, zala za kumapazi zitagunda pakhomo.

"Sindinathamangitsidwe," anatero. "Ndakwezedwa. Kapitawo sagwira dothi. Yambani ndi anyezi."

Ermete anamanga epuloni ina yoyera. Anyezi analira m'mafuta, tomato anatsatira, mabilinganya ndi sipinachi zinafota, msuzi woyera unalimba ndi ufa wa mpunga popanda kupempha chilolezo kwa munthu. Ermete anatsegula bokosi la zigamba.

"Ziwiritseni kaye," anatero Gaudenzio. "Madzi otentha, kenako ozizira, kenako pansalu. Amayi ankatero."

"Bokosi likuti osawiritsa."

"Bokosi linabereka mwana? Linaphikapo paukwati wa ndani?"

"Likuti zikawiritsidwa zimaphwanyika."

"Bokosi limenelo lilibe amake."

"Lili ndi adiresi," anatero Ermete, nayala chigamba choyamba chili chouma gwa.

Gaudenzio anagwira mutu, koma atangoona zigamba zikugona m'mbale, magazi a umisiri anamuwira.

"Mwapotoza. Yambirani pangodya. Mzere ndi mzere, alamu, monga ndinayalira hotela ya ku Dubai, imene mwini wake anavula nsapato poopa kudetsa ntchito yanga. Siyani kampata pang'ono kuti zipume."

"Mamilimita angati?"

"Kampata, kampata basi."

"Awiri kapena atatu?"

"Awiri ndi theka, mundisiye."

Ermete anatulutsa rula m'thumba la malaya nayeza. Msuzi wofiira, masamba, msuzi woyera, chigamba. Anabwereza kasanu. Kenako anatenga tchizi cholimba ndi chopalira.

"Magalamu angati?"

"Tchizi sayeza. Mumapala mpaka amayi kumwambako anene kuti basi."

Ermete anayamba kupala. Anapala. Chulu chinamera pakati pa mbale, chinakula, chinayamba kugumukira patebulo.

"Alamu."

Ermete ankapalabe, khutu limodzi atalozetsa kudenga.

"Alamu, basi."

"Sananene."

"Anena. Andiuza ine, ndili pafupi nawo kunja kuno."

Mbale inavundikiridwa ndi kapepala kasiliva n'kulowa mu uvuni. Fungo litayamba kutuluka, Gaudenzio anatsamira chitsulo cha khonde, chifuwa patsogolo, akulonjera aliyense wodutsa mumsewu ndi kuwauza kuti fungo akulimvalo ndi la manja ake.

Belu la tchalitchi linalira masana. Ermete anatsegula uvuni, nakoka mbale pang'ono, n'kuchotsa kapepala kaja monga bokosi linanenera. M'mbali mwa mbale msuzi wofiira unkachita thovu, kuwira ngati ukuitana munthu ndi dzina. Pamenepo Gaudenzio anaona dzanja la mlamu wake likulowa lokha m'thumba la jekete, n'kutulukamo ndi kabuledi, n'kunyema, n'kuyamba ulendo wopita kumsuzi, monga limachitira dzanja la mwamuna aliyense wa kuno likaona msuzi, mwini wake asakudziwa n'komwe.

Gaudenzio sanaponde m'khitchini. Anangotola ndodo ya amayi, natambasula mkono, pha, padzanja. Buledi anagwa pansi n'kugubudukira kunsi kwa tebulo. Ndi nsonga yomweyo anakankha chitseko cha uvuni, mbale inabwerera mkati, chitseko chinatsekeka.

"Ndodo yalowa m'khitchini," anatero Ermete akusisita dzanja.

"Yakhudza inu, sinakhudze chakudya. Wachinayi kuwongoledwa ndinu."

"Ndiye kuti tsopano ndakhudza tirigu."

"Tsopano? Mwakhala naye m'thumba kuyambira m'mawa, inu a malamulo."

"Anali wokulungidwa m'pepala. Ndamutsegula belu litalira."

"Ndipo mumapita naye kuti?"

Ermete anayang'ana buledi, anayang'ana uvuni, anayang'ana zala zake. Anatola buledi uja, navula epuloni, n'kutuluka pakhonde mwakachetechete, kukaima pambali pa sefa.

"Takulandirani," anatero Gaudenzio, chimwemwe chitamudzaza mpaka m'ndevu. "Malo alipo. Uyu ndi thabwa, uyu ndi chipande, mukudziwana kale."

Anaima awiriwo, mapewa atagundana, akuyang'ana uvuni kudzera pachitseko chotsegula. Tchizi cha pamwamba chinafiira bwino. Kenako chinayamba kufiira mopitirira. Ermete anayang'ana wotchi yake ya kunjanji, thukuta lili kamukamu.

"Bokosi linati mphindi khumi ndi zisanu. Zakwana."

"Zakwanadi."

"Ipserera, alamu."

"Ipserera."

"Mwina," anatero Ermete, "mmodzi wa ife atangosamba m'manja bwinobwino ndi sopo, mpaka m'zigongono..."

Gaudenzio anasolola pepala lija m'thumba la mlamu wake, nalitambasula, n'kubwereka magalasi omwe anali pamphuno pa mwini wake.

"Pepala silikunena za kusamba. Likuti chimene chinakhudzapo."

"Koma likunena ziwiya."

"Likuti chilichonse."

Pansi mumsewu galimoto inaliza hutala kawiri. Ilaria anatuluka atanyamula maluwa, nakweza maso, n'kuona bambo ake, malume ake, thabwa, ndodo, chipande ndi sefa, onse ali pamzere pakhonde ngati akudikira basi.

Gaudenzio anaweramira pansi, manja onse atatambasula.

"Mwana wanga, thamanga, chitseko n'chosakhoma. Lazanya yako yapsa, kaiphule wekha. M'banja lonse lino, wololedwa kulowa m'khitchini mwanga watsala ndiwe."