Amene Ankagogoda Lachinayi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Midlands, kutsidya kwa nyanja, ndi a kumudzi omwe. Ndine nesi, ndimakhala ku Bordesley Green ndi mwana wanga wamkazi. Lero ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatsala pang'ono kutaya fulati imene ndinagula ndi malemu amuna anga.

Pogula anatiuza kuti ndi ya lease, kutanthauza kuti nyumbayo ndi yathu kwa zaka zowerengeka koma nthaka ili ndi mwini wake. Ife sitinalabadire. Kwathu ku Lilongwe mapuloti ambiri ndi a lease, nanga munamvapo munthu akusowa tulo chifukwa cha zimenezo? Bambo atamwalira ndinapita kubanki kuti andisinthire ngongole ya nyumba, popeza malipiro a ine ndekha sankakwana. Anandikana. Akuti zaka za lease zachepa, ndiyambe ndawonjezera, ndipo ndikachedwa mtengo wake ukwera koopsa.

Ndinapita kwa loya, ndipo anandiwerengera zoti ndilipire. Kulipira mwini nthaka, kulipira loya wanga, kulipira woyeza mtengo wa nyumba, kenako kulipiranso loya wa mwini nthakayo. Ine mayi wamasiye, kumulipirira loya munthu amene sindinamuonepo n'komwe nkhope. Ndinakwiya, ndipo Mulungu ndinamuuza mosapsatira mawu kuti zimenezi zandiwawa. Ndinkatenga mashifiti owonjezera mpaka mapazi kutupa, koma zimene ndinkasunga zinali zochititsa manyazi. Ndikakhala pansi ndinkadzuka, ndikadzuka osadziwa chimene ndadzukira. Mwana akafunsa kuti, "Mum, are we moving?" ndinkangomukalipira kuti akawerenge.

Lachinayi lililonse madzulo amayi anzanga a kutchalitchi amabwera kwanga kudzapemphera. Ndife Amalawi ndi ena a ku Zambia, ndipo mukutidziwa, sitipemphera monong'ona. Masiku amenewo tinkafuula kuti Ambuye atumize munthu wondithandiza. Chotisokoneza chinali mayi wina wachizungu, wokalamba, wa fulati yapamwamba. Tikangoyamba kolasi, iye uyu pakhomo, go go go. Kuno ndinaphunzira msanga kuti neba akagogoda ndiye kuti wabwera ndi dandaulo, kaya ndi phokoso, kaya ndi fungo la usipa. Ndiye ndinkakweza dzanja, tonse zii, mpaka timve akukwera masitepe kubwerera kwake. Mumtima ndinkati, mavuto ndili nawo kale, nawenso ukufuna ukandinenere kukhonsolo?

Tsiku lina kunabwera mlongo watsopano, Mayi Tembo a ku Chipata, amene anali atangofika kumene kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Za kuno anali asanazidziwe. Kutangomveka kugogoda, ine ndisanakweze n'komwe dzanja, iwo anali atatsekula kale chitseko.

"Lowani amayi, mpando uwu," anatero m'Chizungu chawo, akumwetulira.

Ine mumtima ndinati basi, zavuta. Koma mayi uja sanabwere ndi dandaulo. Anati wakhala akundifuna kwa miyezi, koma ndi mashifiti angawa sankadziwa nthawi imene ndimapezeka, kupatula akamva tikuimba. Mafulati onse a m'nyumba yathu anali ndi vuto lomweli. Eni ake anagwirizana zolemba loya mmodzi ndi woyeza mmodzi kuti agawane mtengo, n'kukambirana ndi mwini nthaka onse pamodzi. Anzake anali atatopa kundidikira, ndipo ankafuna kuyamba popanda ine sabata yotsatira. Iye ndi amene ankakanitsitsa, akuti mayi wamasiye uja sitimusiya.

Ndinalira pamaso pa onse, misozi yosakanikirana ndi manyazi.

Sindikunamizani, ndalama zinatulukabe, ndipo gawo lina anandithandiza ndi amayi a chipereganyu chathu. Loya wa mwini nthaka tinamulipirabe, ndipo mpaka lero zimandinyansa. Koma mtolo unali woti munthu n'kusenza. Lease inawonjezeredwa, banki inavomera, ndipo tikukhalabe m'nyumba imene bambo anatisiyira.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha mayi ameneyu, komanso chifukwa cha Mayi Tembo amene anabwera ndi khalidwe la kwathu lisanasuluke. Inu amene muli ndi fulati kuno, funsani lero kuti zaka zatsala zingati, musadikire kuti banki ikuuzeni. Inu amene mwatopa ndi kupemphera, chonde musaleke. Ine ndinkalira kuti Ambuye atumize munthu, chonsecho munthuyo ankaima pakhomo panga sabata ndi sabata, ine ndikuuza anzanga kuti akhale chete. Ndinamutsekera kunja nthawi yonseyo, koma Ambuye sanatope kumutuma.