Zala Zitatu Kuchokera pa Mfuti

Kwathu kuno ku Oklahoma anthu ambiri amavala mfuti ngati mmene amavalira sokosi, choncho sizinali zachilendo kuti a Lemuel Haskins, okonza mapampu a madzi, anali nayo m'chiuno pa tsiku la ukwati wa mwana wawo. Tsoka lake linali loti a Haskins akauzidwa chinthu m'kalasi amachigwira ngati Malemba, ndipo amene anawaimitsa pa msewu wa ku Pecan Fork masana amenewo anali wapolisi Harlan Boggs, nkhutukumve imene sinabwezepo mawu ngakhale kwa mkazi wake.

Pamene Boggs ankafika pawindo, a Haskins anali atazimitsa kale injini ndi kutsitsa galasi, manja onse awiri atakakamira pachiwongolero.

"Mwaswera bwanji, bambo? Mukudziwa chifukwa chimene ndakuimi..."

"Ndili ndi mfuti."

Boggs anabweza phazi limodzi m'mbuyo.

"Yololedwa," anawonjezera a Haskins, maso ali kutsogolo. "Ili m'chiuno, kumanja, kunsi kwa jekete. Chiphaso chake ndili nacho. Manja anga ndi awa. Mukufuna ndichite chiyani?"

"Kodi mwachita kuloweza?"

"Eee. Mayi Dunlap, amene anatiphunzitsa za mfuti, anati tizinena zimenezi tisanapereke ndi moni womwe. Ndaswera bwino, kaya inu?"

"Ndaswera. Mumathamanga, bambo. Pano m'poyenda mamailosi 45 pa ola, inu mumapita 58."

"Zoona. Mwana wanga Loretta akukwatiwa 2 koloko ku tchalitchi cha Mount Olive, ndipo womulowetsa ndine. Kwatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu."

"Kuthamanga si kufika. Ndipatseni laisensi yoyendetsera galimoto ndi chiphaso cha mfuticho, ndione, muzipita."

"Zili m'chikwama."

"Chabwino."

"Chikwama chili m'thumba lakumbuyo."

"Chabwino."

"Lakumanja."

"Bambo, sindinafunse adiresi ya chikwama. Tulutsani."

"Iyayi, bwana. Kuchokera pathumba kufika pamfuti ndi zala zitatu zokha. Ndinayeza. Mayi Dunlap anati wapolisi ali pawindo, dzanja lisayandikire mfuti, zivute zitani."

"Nanga Mayi Dunlapwo sanakuuzeni kuti chikwama muziika pamalo ena?"

"Anatiuza. Masiku onse ndimaika apa pamwamba, pafupi ndi galasi. Koma lero ndavala suti, ndiye Loretta anati chikwama chisatukumuke pachifuwa chifukwa cha zithunzi. Ndinachiika kumbuyo n'kuchiiwala komweko."

Boggs anapumira m'mwamba. "Ndiye tulutsani ndi dzanja lamanzere."

A Haskins anayang'ana dzanja lamanzere kwa kanthawi ngati akulifunsa maganizo. "Lamanzere liyenera kudutsa pamimba, kenako pamwamba penipeni pa mfuti, ndiye lizifika kuthumba. Kumeneko ndiye kuipiraipira, bwana. Komanso mimbayi sindinganame, silingafike."

"Koma abale."

"Bwanji ndingokuuzani dzina ndi tsiku lobadwa, mufunse pa wailesi yanuyo? Dzina lalembedwanso apa pachitseko: Haskins, mapampu ndi zitsime."

"Galimoto amabwerekana. Ine zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pantchito ino, sindinalolepo munthu kuchoka ndisanaone laisensi ndi maso angawa. Sindiyamba lero."

"Ine zaka zitatu ndili ndi mfutiyi, sindinaphwanyepo lamulo la Mayi Dunlap."

"Mayi Dunlap si boma."

"Ayi, koma ophunzira awo onse ali moyo."

Galimoto yonyamula udzu wa ng'ombe inadutsa, woyendetsa n'kuimba huta posonyeza kuti wawazindikira a Haskins. Iwo anagwedeza mutu wokha. Dzuwa la mwezi wa Julaye linali litakwiya, ndipo m'galimoto yozimitsa injini munali ngati mu uvuni.

"Chabwino," anatero Boggs, akukanda pakhosi. "Tsikani. Muimirire apa, manja m'mwamba, mfutiyo ndichotse ndekha, kenako mutulutse chikwama. Nkhani yatha."

"Maganizo abwino amenewo, bwana."

"Ndiye tsikani."

"Ndamanga lamba."

"Masulani."

"Batani la lamba lili kumanja. Lagona pamwamba pa mfuti. Apo ndiye palibe ndi chala chimodzi chomwe."

Boggs anasuzumira chapatali, khosi lokha, ndipo anaona kuti ndi zoona. Anatukwana chapansipansi mawu amene sindingawalembe pano.

"Lowetsani dzanja mumasule ndinu," anatero a Haskins mwaulemu. "Ndikoka mimba."

"Ine? Ndilowetse mutu m'galimoto ya munthu amene ali ndi mfuti? Tsiku loyamba kusukulu ya polisi anatiuza kuti zimenezo osayerekeza."

"Zungulirani mbali inayo."

"Mbali inayo si galimoto yomweyi?"

"Ndiye kuti inunso muli ndi Mayi Dunlap anu."

"Anga anali bambo. Ndipo anali ndi nzeru."

Apa ntchentche yaikulu, ya zobiriwira zija, inalowa pawindo, n'kuzungulira kawiri, n'kutera pamphuno pa a Haskins. Iwo anaiyang'ana ndi maso onse awiri.

"Bwana, ndikupempha chilolezo chochotsa dzanja lamanzere pachiwongolero, kulikweza mpaka pamphuno, ndi kulibweza pomwe linali."

"Ingoithamangitsani, bambo, n'zofunsa zimenezo?"

"Safunsa anadya phula. Ndilikweze msanga kapena pang'onopang'ono?"

"Mmene mungafunire."

"Ayi, nenani ndinu. Ndikakweza msanga mudzidzimuka. Ndikakweza pang'onopang'ono muganiza kuti ndikuzemberera chinachake."

Boggs anavula chipewa chake n'kuikupiza ntchentcheyo yekha, dzanja atalitambasula ngati akukoleza moto umene akuuopa. Ntchentche inauluka n'kukatera pakhutu pake.

"Zikomo kwambiri, bwana."

"Musandithokoze. Mvetserani. Ine monga wapolisi ndikukulamulani: tulutsani chikwama."

"Kamera yomwe ili pachifuwa panuyo ikujambula?"

"Ikujambula."

"Iuzeni."

Boggs anaweramitsa mutu, chibwano chili pachifuwa, n'kulankhula ndi batani la malaya ake. "Ine Harlan Boggs, lero Loweruka, ndikuloleza bambo awa kupisa dzanja m'thumba lakumbuyo. Mwamva? Pisani."

"Ndamva. Koma Mayi Dunlap anati kamera imathandiza otsala. Mwiniwake amakhala ali m'bokosi."

"Nanga mumandiyankhulitsiranji ndi chifuwa changa?"

"Ndimafuna ndione ngati mtima ungakhale pansi. Sunakhale."

Foni inayamba kulira m'thumba lam'kati la jekete, kanyimbo ka limba la m'tchalitchi. Inalira, n'kusiya, n'kuyambanso.

"Ndi Loretta ameneyo. Kanyimboko anandiikira yekha."

"Yankhani."

"Ili m'kati mwa jekete. Munthu wopisa m'jekete, wapolisi ali apa, inu mungamuganizire zotani?"

Boggs anayang'ana jeketeyo, kenako n'kuyang'ana kumbali.

"Mwaona," anatero a Haskins.

"Ndiitana mnzanga pa wailesi. Iye adzaima apo kukuyang'anani, ine n'kumasula lambayo."

"Ali kuti mnzanuyo?"

"Ku mlatho wa ku Sandy Creek. Ng'ombe zathyola mpanda, zadzaza mumsewu. Mphindi makumi anayi akhala atafika."

"Adzapeza anthu akudula keke. Komanso mfuti zidzakhala zitatu, ziwiri zili mbali yanu. Bwanji ndiyendetse pang'onopang'ono, inu muzinditsatira pambuyo? Ndi mamailosi asanu okha. Tikafika abusa adzapisa m'thumbamo. Abusa simungawawombere."

"Munthu ayendetse galimoto ndisanaone laisensi? Pamaso panga?"

"Mwandiona kale ndikuyendetsa. Munanenanso nokha kuti 58."

"N'chifukwa chake ndakuimitsani!"

"Ndiye mundimange, bwana. Mundiike kumbuyo kwa galimoto yanu, mukanditsitse pa tchalitchi. Unyolo tidzabisa ndi maluwa."

"Kuti ndikumangeni muyenera kutsika."

"Ndamanga lamba."

Boggs anayenda mpaka kumapeto kwa galimoto, anamenya tayala ndi nsapato, n'kubwerera. Kolala ya a Haskins inali itanyowa, ndipo duwa loyera la pajekete linali litayamba kuweramitsa mutu.

"Bambo Haskins, ngati ndinudi a Haskins. Munatengeranji mfuti popita ku ukwati?"

"Ndimagwira ntchito ndekha m'mafamu akutali, bwana. Nguluwe, njoka. Ndinazolowera. M'mawa uno ndinavala buluku, lamba, mfuti, nsapato, osaganiza n'komwe."

"Walira mvula walira matope."

"Ndawaona matopewo. Nthawi ili bwanji? Wotchi ili pamkono koma yatembenukira pansi."

"Kwatsala mphindi khumi ndi ziwiri."

A Haskins atayambanso kulankhula, mawu awo anali atatsika.

"Mayi ake a Loretta anatisiya ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsitsi ndinkamuluka ndine, ndi zala zokonzera mapampuzi, anzake kusukulu n'kumamuseka. Usiku wathawu wandiuza kuti, adadi, ine sindilowa m'tchalitchi muja ndi munthu wina, mukachedwa ndidzaima pakhomo mpaka mufike. Ndipo adzaimadi, ndimamudziwa. Panopa ali pakhomo paja, anthu onse akutembenuka kumuyang'ana."

"Ndiye tulutsani chikwamacho, bambo inu, mupite kwa mwana wanu."

"Ndikuopa, bwana."

"Mukuopa chiyani? Ndakulolezani. Ndauza ndi kamera yomwe."

"Pakamwa panu pandiloleza. Dzanja lanu silinandiloleze."

"Dzanja liti?"

"Lamanjalo. Chinenereni kuti ndili ndi mfuti, lili pa mfuti yanu. Chipewa munavula ndi lamanzere. Pakhosi munakanda ndi lamanzere. Ngakhale pomenya tayala paja silinachoke. Ndimakuonani pagalasi."

Boggs anayang'ana m'chiuno mwake. Dzanja linalidi pomwepo, zala zitazinga chogwirira, ndipo kachingwe kotsekera mfuti kanali komasula. Analiyang'ana ngati dzanja la munthu wina.

"Limapita lokha limeneli," anatero.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikuliopa. Inuyo ndinu munthu wabwino, mwandithamangitsira ntchentche. Koma ilo silinamve za ukwati."

"Chotsani inu mantha, ine ndichotsa dzanja."

"Yambani ndinu."

"Wapolisi sayamba."

"Ndiye tikhala pano mpaka Lolemba."

Foni inayambanso kulira. Onse awiri anaimvetsera mpaka inasiya. Boggs anapukuta kumaso ndi mkono, wamanzere womwewo.

"Mukuganiza kuti ine sindiopa?" anatero mokalipa, ngati a Haskins ndi amene amulakwira. "Ndikamayandikira windo lililonse, sindidziwa chimene chili m'katimo. Mkazi wanga amati akamva galimoto ikulowa pakhomo madzulo m'pamene amayamba kumva njala. Ndili ndi ana aakazi awiri, wamkulu akwatiwa mu Okutobala."

"Mudzamulowetsa ndinu?"

"Nanga ndani?"

"Ndiye mukudziwa."

Boggs anayang'ana kumsewu, uku ndi uku, kuonetsetsa kuti palibe womudziwa amene akubwera. Kenako anatseka kachingwe kaja, n'kuchotsa dzanja pa mfuti pang'onopang'ono, ngati akulimatula pa ulimbo. Anakweza manja onse awiri n'kuwasanjika padenga la galimoto.

"Ndi amenewo. Izi musakauze munthu. Ndipo laisensiyo ndiionabe."

"Muiona, bwana. Koma padengapo sindikuwaona."

"Bambo Haskins."

"Tsitsani pano pachitseko. Onse awiri. Tambasulani zala."

Boggs anatsitsa manja n'kuwaika pachitseko, zala khumi zili poyera, nkhope itafiira mpaka m'makutu. A Haskins anaziwerenga ndi maso. Anapuma kamodzi, n'kuchotsa dzanja lamanja pachiwongolero.

"Tsopano ndikupita kuthumba. Inu mukhale phee, bwana, musasunthe mwadzidzidzi. Ndine munthu wamantha, ndipo ndili ndi mfuti."