Mbiri ya Bambo Kalilu Sufiyani, Mmisiri wa Kalabu ya Gofu

Malemu, amalume anga Bambo Kalilu Sufiyani, anabadwa pa 9 Juni 1921 konkuno kwa Malengachanzi. Anaphunzira ku madrasa kokha. Umisiri anautola ndi maso, akuponyera ena njerwa.

Mu 1946 anakwatira Mayi Kulusumu.

Mu 1952 azungu a pa esiteti anafuna nyumba yopumiramo akamenya gofu. Pulani inachokera kunja, yopanda khonde, ya mawindo ang'onoang'ono ngati kundende. Malemu anawachenjeza kuti mwezi wa Okutobala adzapsa amoyo. Khonde lalitali loyang'ana kunyanja lija, la mizati isanu ndi iwiri yokhota pamwamba ngati uta, ndi nzeru za amalume. Miyala ya maziko anasankha okha kumtsinje. Chitseko cha mlombwa anasema monga zitseko zakale za amwenye ndi aluya a kuno kwathu. Nyumbayo inatha mu 1954, ndipo mpaka lero khoma lake lilibe mng'alu.

Koma pitani mukawerenge chitsulo cha mkuwa chili pakhomopo. Pali dzina la manijala amene sanagwirepo njerwa. La amalume palibe. Zaka makumi atatu akukonza nyumbayo, ankalowera kukhitchini. Ufulu unabwera mu 1964, mabwana akuda analowa nawo kalabu, koma khomo la amalume silinasinthe.

Pa 2 Novembala 1982 a kukalabu anawakweza padenga kukamata podontha, munthu wa zaka 61. Anagwa nathyoka msana. Miyezi inayi ali gone pamphasa, wa kukalabu sanaonekeko. Atisiya dzulo, pa 14 Malichi 1983.

Akuluakulu anandiuza kuti ndiwerenge masiku okha. Pepani, ndakanika. Lero m'mawa a kalabu atumiza bokosi lopolisha ndi nkhata ya maluwa. Zaka zonsezi sanadziwe kuti mmisiri wawo ndi Msilamu, kuti ife timaika maliro ndi nsalu ya sanda, osati m'bokosi. Inu amene mwabwera nalo, ndikukuonani pansi pa mtengo wa mangowo. Linyamuleni. Matabwa ake ndi abwino: kaduleni limodzi, mulembepo Kalilu Sufiyani, mukhome pakhonde lawo. Banja silikupempha china.

Malemu asiya Mayi Kulusumu, ana awiri, Zaidi ndi Ramadhani, ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Tikuthokoza a Shehe, amayi a m'mudzi muno amene ankasinthana kudwazika, ndi asodzi a ku Liwaladzi amene anasiya maukonde kudzakumba manda.

Allah awakhululukire. Amalume, mwagwira ntchito yokwana; usani mumtendere.