Tsiku Limene A Gondwe Anataya Mafumu Atatu

Ambuye alemekezeke, abale ndi alongo! Ndati alemekezeke! Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, landirani moni. Ine ndine Nambewe, gogo wa ana akusokosa kumbuyo aja. Mumandiona pa benchi yomaliza, msana kukhoma, chifukwa sindifuna munthu kumbuyo kwanga. Lero mumve kumene zinachokera.

Ife tinafika ku Lilongwe kuno pa lole ya boma, likulu likusamuka ku Zomba. Mipando, mbaula, ana awiri, nkhuku m'dengu. Mwamuna wanga, a Gondwe, anali a ku Rumphi, kalaliki wa m'boma. Ku Zomba anali munthu woseka, abale. Akaseka, oyandikana nafe ankabwera kudzafunsa kuti kwagwanji. Kuno tinapeza fumbi lofiira, misewu ikuluikulu yothera m'tchire, nyumba zonunkha penti, ndi anthu osadziwana. Ndipo inali nthawi yoti liwu limodzi linkatha kumusowetsa munthu. Achikulire muli muno mukudziwa.

Tsiku lina bambo anabwera ndi buku lachingerezi lothaitha. Analigula m'sitolo ya mmwenye ku Area 2, pa mulu wa mabuku amene azungu ankasiya pobwerera kwawo. Buku la njuga! Masewera a makadi otchedwa poka. Abusa, musandiyang'ane choncho, sindikulalikira njuga. Dikirani.

Akaweruka, tiyi azizire, buku m'manja. Ndinawafunsa, "Bambo a Tione, kodi kuntchito kuli mayeso?"

Iwo anati, "Mayi, wopusa amayang'ana makadi ake. Wochenjera amayang'ana munthu amene wakhala naye."

Ankandiuza zambiri ine ndikusita. Akuti nkhope imanama, koma manja sanama. Akuti amene walankhula pomaliza wamva kale za anzake onse. Ndipo chovuta kuposa zonse, akuti ilipo nthawi yoti makadi abwino uwataye pansi, chifukwa mnzako wakutchera, akungodikira kuti ubwere nawo. Ankaima pa galasi kuyeseza kuumitsa nkhope. Inauma ndithu. Kuseka kuja kunatha.

Ine ndinati apa pali mkazi. Loweruka lina ndinawalondola mpaka ku Area 3, nkubisala kuseri kwa mpanda. Ndinangopeza amuna anayi pakhonde, makadi m'manja, zitsekero za mabotolo patebulo. Ndinati, ngati nkhani ndi imeneyi, muzisewerera kwathu, ndizikuonani.

Anayamba kubwera Loweruka lililonse masana. A Kamwendo, wonenepa, wanthabwala, wobwera ndi maswiti a ana. A Zgambo, wamtima wapachala, zimene waganiza ndi zimene wanena. Ndi a Msiska, Mtumbuka ngati mwamuna wanga, wowonda, wosalankhula, maso ngati a kadzidzi. Buku lija a Msiska anabwereka nkuliwerenga lonse. Munthu ameneyu sankalakwitsa kanthu patebulo, ngakhale kamodzi. Ine sindinkamufuna.

Tsiku lina a Zgambo analankhula mawu patebulo pathupo, mawu okhudza akuluakulu. Pasanapite nthawi, m'mawa akudikira basi, inaima galimoto yopanda nambala. Anakwera. Sanaonekenso. Mayi Zgambo anayenda khomo ndi khomo, mwana kumsana, anthu nkumatseka zitseko.

Abale, mawu amene aja analankhulidwa pakhonde panga. Panalibe wina. Ndiye kuti kazitape ankamwa tiyi wanga! Ndinagwada pamaso pa mwamuna wanga. Ndinati, "Lekani makadi. Muwauze a Msiska asapondenso pano. Mawa ndi inu."

Iwo anati, "Ndikaleka lero, ndaonetsa kuti ndili ndi chobisa. Ukachita mantha susintha kaseweredwe kako. Abwera Loweruka, ndipo uwaphikire."

Ndinamanga kamtolo, bulangeti ndi sopo, nkukaika kuseri kwa chitseko, kuti akadzawatenga bambo asadzapite chimanjamanja. Galimoto ikamveka kumsewu, ndinkathamangira pazenera kukasuzumira. Ndinaonda, chitenje nkumazungulira kawiri. Mlendo m'mzinda wa alendo, ukamuuza ndani? Ndinkalowa m'khitchini nkunong'ona, "Ambuye, munthu sindimukhulupirira. Mwatsala Inu. Mwatsala Inu nokha."

Loweruka lina anabwera monga mwa masiku onse, awiri otsalawo. Dzuwa lili phwee. A Kamwendo anabwera ndi mabotolo a mowa, akuti tichotse chisoni. Ine ndinaima pakhomo ndi mbale ya mandasi, maso anga onse ali pa a Msiska.

A Kamwendo anati, "Alamu, mandasi awa mukanakagulitsa ku City Centre, bwenzi mutamanga nyumba yosanja!"

Bambo anali atamwako. Ndinasuzumira m'manja mwawo, ndinaona makadi a mafumu atatu. Ngakhale ine ndinkadziwa kuti amenewo ndi makadi. Ndiye ndinamva chinthu chimene sindinachimve chichokereni ku Zomba. Anaseka! Mtima wanga unakondwa, abale. Sindinadziwe kuti nkhuku imakondwera ndi chimanga cha pamsampha.

A Kamwendo anawasendera pafupi. "Koma achimwene, tili tokhatokha pano. Inu mapepala amadutsa m'manja mwanu. Mzinda unowu wamangidwa ndi chuma cha ndani? Nanga Zomba inalakwanji?"

Bambo anaika botolo pansi. "Aaa, a Kamwendo, mukafuna zoona zenizeni..."

Go! Go! A Msiska anagogoda tebulo. "A Gondwe, si nthawi yanu. Dikirani."

Koma inali nthawi yawo! Masewerawa amazungulira, wina akatha wina, ndipo inali nthawi ya mwamuna wanga. A Msiska, munthu wosalakwitsa uja, walakwitsa chinthu choti ngakhale ine woima pakhomo ndinachiona.

A Kamwendo anaseka. "A Msiska, mwaledzera tiyi kodi? Ndi nthawi yawo! Asiyeni abwana alankhule."

A Msiska anangobwereza, maso ali pansi. "Wanzeru amalankhula pomaliza."

Ndinaona mwamuna wanga akuwayang'ana a Msiska. Kenako anatembenukira kwa a Kamwendo, osati kunkhope, koma kumanja. Nkhope inkaseka. Chala chachikulu chinkasisita m'mphepete mwa khadi, pang'onopang'ono, pang'onopang'ono.

Bambo anaika makadi awo pansi chafufumimba. Mafumu atatu! Anati, "Ndataya. Za mzinda kafunseni amene anaumanga, ine ndimangodinda mapepala. Mayi, tithireniko tiyi."

A Kamwendo anatsonya nkuponya makadi awo patebulo, ena nkugwa chagada. Opanda pake onse. Zinyalala.

Alendo atapita, bambo anazungulira kuseri kwa nyumba nkusanza. Ndinawapeza atakhala pansi. Anati, "Mayi a Tione, miyezi yonseyi ndakhala ndikuphunzira chala chimene chija. Amasisita khadi pokhapokha akatchera, akudikira kuti ugwe. Koma waona makadi ake? Analibe kanthu. Ndiye ankadikira chiyani?"

Apo ndinazindikira. Sankadikira makadi. Ankadikira pakamwa pa mwamuna wanga.

Abale anga, taganizani! Ine mlonda wa nyumba yanga, woona zonse, maso anga anali pa munthu wina. Amene ankabweretsera ana anga maswiti ndiye anali njoka. Amene ndinkamuopa ndiye Mulungu anamukhazika pampando umene uja. A Msiska sakanatha kunena poyera. Akanalankhula Chitumbuka, a Kamwendo akanadziwa kuti pali chobisa. Ndiye anangolakwitsa dala, podziwa kuti munthu mmodzi yekha patebulopo ndi amene angamve. Ndani anakonza zimenezo? Ndani anaika buku lija pa mulu uja, kuti amuna awiri aliwerenge? Mulungu akafuna kupulumutsa munthu sasankha chida. Ine mpaka lero ndikaganiza, thupi limachita tsembwe. Aleluya!

Sitinaleke nthawi yomweyo. Bambo anapitiriza kusewera, koma mogwetsa ulesi. Ankaluza dala zitsekero zawo, nkhani zawo zili za mvula ndi chimanga basi. Loweruka ndi Loweruka, mvula ndi chimanga, mpaka a Kamwendo anatopa nkukapeza tebulo lina. Atasiya kubwera, makadi anathera pomwepo.

A Msiska boma linawasamutsira kutali, ku Nsanje. Tsiku lotsanzikana ndinawaphera tambala. Ndinagwada, ndinati, "Alamu, zikomo."

Anati, "Zikomo wa chiyani, alamu? Ndinangosokoneza nthawi basi."

Bambo anayamba kubwera nane kutchalitchi, analowa kwaya, ankaimba besi. Anagwira ntchito mpaka kupuma. Ana anaphunzira, Tione ndi namwino. Ine lero ndili ndi kanyumba kanga, kadimba ka mpiru kuseri, ndi adzukulu odya ngati dzombe. Mawondo akuvuta, koma ndikuyenda.

Mwamuna wanga anamwalira ali nkhalamba, pabedi lake, mutu uli pamwendo panga, ana atamuzungulira. Tinakamuika kwawo ku Rumphi, tinaimba, tinaika mwala wolembedwa dzina lake. Ndikafuna, ndimakwera basi nkukazula udzu pamanda pake. Ndimadziwa pamene wagona.

Mayi Zgambo akadali moyo. Iwo sadziwa pokazula udzu.

Ndiye pothokoza nane lero, muwakumbukire iwonso m'pemphero. Ulemu ndi matamando zipite kwa Iye amene anatseka pakamwa paja. Amen.