Beseni la Kumaliro

Pa siteji ya ku Chalimbana, bambo wina ankadandaulira mayi wosamudziwa amene ankadikira naye minibasi.

"Amayi, kuchipatala kamtsikana kokolopa kaniimitsa pakhomo. Ati nisanyamule mdzukulu wanga wobadwa dzulo mpaka nisambe m'manja."

"Munali musanasambe?"

"Ninasamba! Ninachokera kumaliro, ndipo pobwera kumanda tonse tinasamba m'beseni, monga mwa mwambo."

"Beseni limodzilo anthu angati?"

"Mudzi wonse."

"Ndiye munasamba, kapena munagawana litsiro?"

"Aa, mawu omwewo ndi amene kananiuza! Kanaima nji ndi chokolopera chake mpaka ninasamba ndi sopo pampopi. Ati ngakhale adokotala kamawabweza."

"Nanga mwanayo munamunyamula?"

"Ninamunyamula. Mnyamata, wolemera ngati dzungu."

"Wokolopayo ali ndi mpata kumano?"

"Ee. Kodi mumakadziwa?"

"Ni Fyness, mwana wanga woyamba. Chilowereni iye ntchito m'chipinda cha makanda, palibe khanda latulukamo ndi mchombo wa mafinya. Mawa mukapita kukaona dzungu lanulo, musakati kamtsikana, bambo. Mukati ba Fyness."