Suti ya Kaboni ya Kandege ka a Injiniya

A Injiniya si injiniya ayi, ntchito yawo ndi kuwerenga mamita a madzi, koma dzinali linawakakamira chifukwa Loweruka lililonse amadzitsekera m'kachipinda kakuseri n'kumapanga tindege touluka ndi rimoti, ndipo tisanu n'kamodzi tinabwerera kunyumba m'thumba la pulasitiki. Mayi akunyumba atatopa n'kusesa zidutswa anagamula kuti kachisanu n'chiwiri kakangothyokanso, chipindacho chisanduka saluni yawo, ndiye Loweruka ili a Injiniya anaitanitsa mlamu wawo, telala, munthu woti ukamuuza kuti "dikirani pompo" umakamupeza mawa lake ali pomwepo.

"Sizasi mwabwera nayo, alamu?" anafunsa a Injiniya, moni osayankha n'komwe.

"Ndabwera nayo. Tepi ndi choko zili momwemu. Woti ndimuyezeyo ali kuti?"

A Injiniya anavundukula nyuzipepala patebulo. Pansi pake panali kandege ka thabwa lopepuka, phiko lililonse lotalika ngati mkono, ndi nsalu yakuda yonyezimira yokulungidwa bwinobwino.

"Ndi ameneyu. Ndipo iyi," anaisisita ngati mutu wa khanda, "ndi kaboni faiba. Musaigwire ndi manja a thukutawo."

"Ndiidula bwanji osaigwira?"

"Muigwire, koma mwaulemu. Nsalu iyi ndi yolimba kuposa chitsulo, mwamva? Kasanu!"

Telala anayang'ana nsalu, anayang'ana sizasi yake, kenako anaibwezera m'chikwama n'kutseka zipi.

"Nanga bwanjinso?"

"Sizasi yanga ndi yachitsulo. Kamodzi kokha. Itanani wowotcherera."

"Aaa, inunso! Imalimba ikapakidwa guluu uyu. Panopa ndi ulusi chabe, mukhoza kuidula mukuimba nyimbo."

"Ndiye cholimbacho ndi guluu."

"Ayi! Guluu payekha amasweka, ulusi pawokha umangopindika. Zikakumana m'pamene zimalimba."

"Ngati inu ndi achemwali."

"Achemwali anuwo musawatchule muno. Ano ndi malo a sayansi."

"Mpaka mawa," anatero telala, osati monyoza ayi, ankangokumbutsa tsiku.

A Injiniya anakweza chala m'mwamba, chala chomwe chija anthu a mumsewu wawo amachithawa akachiona patali.

"Mukudziwa komwe nsalu imeneyi inachokera?"

"Pakatoni alemba adiresi."

"Ndikunena chiyambi chake, bambo inu! Kalekale, anthu oyamba kupanga mababu a magetsi ankatenga ulusi wa thonje, ena timizere ta nsungwi, n'kuwotcha mpaka kusanduka makala. Kaulusi ka makala kameneko ndi kamene kankayaka m'babu."

"Ndiye mwagula ulusi wopserera."

"Si wopserera, ndi wowotchedwa mwaluso."

"Ine ndikapsereza thalauza ndi ayironi mwiniwake amanditukwana mpaka makolo. Ndikanadziwa bwenzi ndikuwauza kuti ndi sayansi."

"Ya masiku ano sapangira thonje. Amatenga ulusi wa pulasitiki n'kuulowetsa m'ng'anjo yotentha koopsa, mopanda mpweya, kuti usanyeke koma ungoda bii."

"Mopanda mpweya? Nanga wowotchayo amapuma chiyani?"

"Sakhala m'ng'anjomo, alamu! Amakhala panja!"

"Oo. Zili bwino. Ndinayamba kumumvera chisoni."

A Injiniya anatseka maso kwa kanthawi. Zinawapweteka mumtima kuti m'banja lonselo munthu wa sizasi yakuthwa anali yekhayu.

"Tamverani. Nsalu iyi amapangira njinga za mpikisano, ndodo zowedzera nsomba, miyendo yochita kupanga, ngakhale mapiko a ndege zenizeni zonyamula anthu."

Telala anatambasula nsaluyo, anaiyeza kuchokera pamphuno mpaka kumapeto kwa dzanja.

"Zonsezo pa mita imodziyi? Sikwana. Mwina mwendo wokha, wa munthu wamfupi."

"Tikuveka ndege basi! Ndege! Iyi mukuionayi!"

"Mukanatero poyamba."

Anatulutsa tepi, anaizunguliza pamimba pa kandege, ndipo analemba nambala ndi choko patebulo.

"Chiuno, masentimita makumi awiri ndi awiri. Ndisiyeko pang'ono?"

"Musiyeko chifukwa chiyani?"

"Ikadzanenepa."

"Ndege sinenepa!"

"Aliyense amatero poyezedwa. Nsaluyi yachapidwa?"

"Musayerekeze dala! Madzi asayandikire. Ndipo ulusi uyende m'litali mwa phiko, chifukwa kaboni amalimba kumene ulusi walowera, osati mopingasa."

"Zimenezo ndiye ndikuzidziwa. Thalauza nalonso ukalidula mopingasa limatuluka mawondo."

"Ndege yanga musaiyerekeze ndi thalauza."

"Chabwino. Ndi siketi?"

"Dulani!"

Telala anadula. Nsalu ija inayamba kuyoyoka m'mbali, timaulusi takuda tili balala patebulo, ndipo a Injiniya anakuwa ngati awaponda chala.

"Ikutha! Ikutha, alamu! Chitanipo kanthu!"

"Ndipite nayo pamakina ndikapinde m'mphepete."

"Makina? Kaboni pamakina a madiresi?"

Telala anatola selotepi pashelefu, anamata mzere ponse pofunika kudula, n'kudula pakati pa selotepiyo. Palibe ulusi ndi umodzi womwe umene unayoyokanso.

"Ndimati ndikuuzeni zomwezo," anatero a Injiniya.

Nthawi imeneyo m'katoni munagwa kapepala. Telala ndi munthu amene amawerenga ngakhale zolembedwa pabokosi la machesi, ndiye anakatola n'kuyamba kuwerenga mokweza, chala chili pamzere.

"Pano akuti nsalu ya kaboni imatchinga mafunde a wailesi. Eriyo ikhale kunja. Eriyo ya ndegeyi ili pati?"

A Injiniya analoza timawaya tiwiri m'mimba mwa kandege, totuluka m'kabokosi kamene kamamva zonena za rimoti.

"Basi, n'zosavuta," anatero telala. "Ndiboola kabowo ngati ka batani, timawayati tituluke."

"Bowo? Pa kaboni? Ndege zanga zonse zinathyokera pamimba pomwepo, inu mukuti tiboolepo? Mng'alu umayambira pabowo!"

"Koma pepala likuti…"

"Pepala limenelo alembera ongoyamba kumene. Ine ndili ndi ndege zisanu n'imodzi."

Telala anayang'ana pashelefu, anayang'ana kudenga, anasuzumiranso pansi pa tebulo.

"Zili kuti?"

"Ndati ndili ndi luso la ndege zisanu n'imodzi! Komanso mufuna iziuluka ndi ndevu ziwiri zili lendelende ngati mphemvu? Anthu aziti chiyani?"

"Aziti ikumva."

"Kutani paliponse. Kuyambira pamphuno mpaka kumchira. Pasaoneke thabwa, pasaoneke waya. Ndani injiniya pano?"

"Palibe."

"Kutani!"

Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la a Injiniya nalonso linali litakutidwa kale ndi kaboni. Telala anapinda kapepala kaja n'kukaika m'thumba la malaya, ndipo anakuta paliponse monga anauzidwira. Kunena zoona ntchito yake inali yaukhondo, panalibe khwinya ngakhale limodzi. A Injiniya anapaka guluu atavala magolovesi a mayi otsukira mbale, ndipo kandege anakasiya patebulo kuti kaume.

Mawa lake masana awiriwa anakumana pabwalo lopanda kanthu kuseri kwa nyumba, a Injiniya atakolekera rimoti m'khosi, telala atanyamula kandege kakuda konyezimira ngati nsapato yatsopano.

"Imani pomwepo," analamula a Injiniya ali mapazi awiri kuchokera pa mlamu wawo. Anakankha kandodo ka rimoti, ndipo mchira wa kandege unagwedera. "Mwaona? Ikumva! Pepala lanu lija lili kuti tsopano?"

"M'thumba."

"Litulutseni mulipepese."

"Koma muli pafupi. Ngakhale malume athu ogontha aja amamva ukawayandikira. Bwanji mupite uko kumtengo tiyesenso?"

"Ine ndiziyenda pansi ndege ilipo? Ikwezeni m'mwamba. Ndikati ponyani, muponye moyang'anizana ndi mphepo."

Telala ananyowetsa chala n'kuchikweza.

"Mphepo ikuchokera kunyumba kwanu."

"Ndiye?"

"Ndiye ndiponya kunyumba kwanu."

"Ponyani komweko, ndiikhotetsa ine. Rimoti ntchito yake n'chiyani? Ponyani!"

Injini inalira, telala anaponya, ndipo kandege kaja kananyamuka. Tisanamizane, kanauluka mokongola, kowongoka ngati mzere wa choko, moti a Injiniya misozi inalengeza m'maso.

"Taonani, alamu! Taonani kaboni! Saluni imeneyo akatsegulire kwa amayi awo! Tsopano onani, ndikhotera kumanzere."

Anakankha kandodo. Kandege kanapitirira.

"Kumanzere kwa ndani?" anafunsa telala.

"Kwake!"

"Sikanakhote."

"Ndikuona! Ndili ndi maso!"

"Yesani kumanja, mwina ndi kamanzere kale."

A Injiniya anakankhira kumanja, anakankhira pansi, anamenya rimoti ndi chikhatho, anaikweza pamwamba pa mutu n'kuima chonyang'ama. Kandege kanali pa ulendo wake.

"Sikakumva! Alamu, sikakumva!"

"Ndikauze ine?"

"Chitani chilichonse!"

Telala anaika manja kukamwa. "Iwe ndege! Alamu akuti kumanzere!"

"Mukuchita chiyani?"

"Mwati chilichonse. Kayamba kutsika. Mwatsitsa ndinu?"

"Si ine!"

"Ndiye kakudziwa kwawo. Lija si zenera la kuchipinda chanu chogona?"

"Mayo ine! Zenera ayi! Mtengo uli apowo, gunda mtengo!"

"Kakagunda mtengo kathyoka, chipinda chipita."

"Usagunde mtengo!"

Pa malamulo onse a tsikulo, limeneli lokha ndi limene kandege kanamvera. Kunamveka kuti phwaa, katani inagwedera, kenako kunamveka phwaa wachiwiri mkati. Pamapeto kunamveka mawu a mayi akunyumba akuitana dzina lenileni la a Injiniya, lonse lathunthu, monga linalembedwera pa chiphaso.

A Injiniya anabisala kuseri kwa mlamu wawo, ngakhale kuti mlamuyo ndi wowonda ngati singano zake.

"Pitani inu. Ndi achemwali anu, magazi amodzi, sangakupheni. Mukaone ngati yathyoka."

"Ndikangoona basi?"

"Mukaone, mukaitenge, ndipo mukawakumbutse pangano. Anati ikathyoka. Mukanene ndendende momwe ananenera."

"Zimenezo ndimatha."

Anapita. A Injiniya anatsala akuzungulirazungulira pabwalo, akuluma lamba wa rimoti. Patapita mphindi khumi telala anatulukira, kandege kali kukhwapa, thumba lili kudzanja linalo. A Injiniya thumbalo sanalione n'komwe. Anatsomphola kandege, anakatembenuza, anagogoda mapiko ndi chikhadabo, anakaunika padzuwa.

"Palibe mng'alu! Alamu, ngakhale umodzi! Kadutsa pazenera koma kali gwa! Mukanaboola bowo lanu lija bwenzi pano tikutola zidutswa!"

"Zidutswa ziliko. Achemwali akutola."

"Za chiyani?"

"Za zenera. Ndi za kalilole wamkulu amene anagula dzana, wa saluni. Anamutsamiritsa kukhoma pafupi ndi bedi."

"Galasi ndi lofooka, vuto si langa. Akanagula wa kaboni. Iwo avulala?"

"Ayi, anali kukhitchini."

"Basi! Nanga pangano? Mwawakumbutsa?"

"Ndendende. Ndati, achemwali, munati ikathyoka. Sinathyoke. Ndawapatsa aigwire okha."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati n'zoona, pangano ndi pangano. Chipinda chija ndi chanu."

A Injiniya analumpha, rimoti ikuwamenya pachifuwa. Anapsompsona kandege pamphuno, anavina mozungulira mlamu wawo, fumbi lili koboo.

"Mwamva? Changa! Sayansi yapambana! Inu ndi kapepala kanu ndi kabowo kanu ka batani, mwaona tsopano kusiyana kwa telala ndi injiniya? Chipinda changa mpaka kalekale!"

"Anateronso iwo, mpaka kalekale," anatero telala, akuwapatsa thumba lija. "Akuti ndi chanu usana ndi usiku womwe. Bulangete lili m'menemu, mswachi ulinso momwemo. Pilo akuti mudzipangire wa kaboni."